Durham, Mzinda wa pa Chitunda Chozingidwa ndi Mtsinje

Kumpoto chakuvuma kwa dziko la England kuli mzinda waung'ono dzina lake Durham. Mtsinje wa Wear ukafika pamenepo umakhota ngati chikwakwa nuzinga chitunda chamiyala mbali zitatu, kusiya kampata kamodzi kokha chakumpoto. Pamwamba pa chitundacho paima nyumba ziŵiri zimene zimakoka alendo: linga la mabishopu akale ndi tchalitchi chachikulu. M'chaka cha 1986 bungwe la UNESCO lidaika nyumba ziŵirizi m'gulu la malo oyenera kusungidwira mitundu yonse ya anthu. Ife tidakaona ndi maso athu, tsono tifuna kugaŵanako nanu, aŵerengi okondedwa.

Titaoloka mlatho wa Framwellgate, tidakwera mtunda podzera m'timiseu topapatiza mpaka tidafika pa bwalo la udzu lotchedwa Palace Green. Chakumpoto kwa bwaloli kuli linga limene adayamba kulimanga mu 1072 molamulidwa ndi Mfumu William, yemwe adagonjetsa England. Kuyambira mu 1837 lingali ndi nyumba ya ophunzira a Yunivesite ya Durham, ndipo anyamata ndi atsikana amadyera m'chipinda chimene kale ankadyeramo akuluakulu a dziko.

Chakumwera kwa bwalolo ndiko kuli tchalitchi. Mbiri yake idayambira pa chilumba cha Lindisfarne, kumene kudaikidwa mtumiki wa Mulungu dzina lake Cuthbert, yemwe adamwalira mu 687. Achifwamba a pa nyanja otchedwa Viking atavutitsa dzikolo, amonke adathaŵa pa chilumbacho mu 875 atanyamula bokosi la malirowo, ndipo mu 995 olowa m'malo ao adadzakhazikika pa chitunda chino chifukwa mtsinje unkaŵatchinjiriza. Tchalitchi cha lerochi adachiyamba mu 1093 nachitsiriza mu 1133. Mizati yake ndi yamiyala, yaikulu mwakuti anthu atatu ogwirana manja sangauzungulire umodzi, ndipo ina idagobedwa mizeremizere ngati zokometsera za pa mphika. Kumapeto chakuzambwe kuli manda a Bede, mphunzitsi amene adatsiriza kulemba mbiri ya mpingo wa Angerezi mu 731. Amene ali ndi maondo olimba amakwera makwerero 325 kufika pamwamba pa nsanja ya mamita 66.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa chitseko chachikulu chakumpoto pali chogogodera chamkuŵa chokhala ndi nkhope ya chilombo. Chimene chili pa chitseko lero ndi chofanizira chabe, chenichenicho amachisunga m'nyumba yoonetseramo zakale ya tchalitchicho. Kale munthu wopalamula mlandu waukulu akathaŵira pamenepo nagogoda, amonke ankamloŵetsa, kumpatsa chakudya ndi pogona masiku 37, ndipo panalibe woyenera kumgwira. Masikuwo atatha ankasankha kukaima pa bwalo la milandu kapena kutuluka m'dziko. Mwambowu ukutikumbutsa mizinda yothaŵirako ija ya pa Numeri 35.

Nyumba yomweyi, imene inali pothaŵira, idadzasanduka ndende. Pa 3 September 1650 ankhondo a Oliver Cromwell adagonjetsa ankhondo a ku Scotland pa Dunbar. Ogonjawo anali ochokera m'dziko limene lidalumbira kusunga mpingo wolamulidwa ndi akulu a mpingo, monga m'mene ulili wathu. Adaŵayendetsa pansi mtunda wa makilomita oposa 150, ali ndi njala, ndipo ambiri adatsalira m'njira. Amuna pafupifupi 3,000 adatsekeredwa m'tchalitchi muno, mmene nthaŵi imeneyo munalibe mapemphero. Nyengo yachisanu itafika, adatentha matabwa onse amene adaŵapeza kuti aothe, koma koloko yamatabwa yakale idapulumuka ndipo ilipo mpaka lero. Pafupifupi 1,700 adafa ndi njala, kuzizira ndi matenda a m'mimba. Ena mwa otsala adatumizidwa kutsidya kwa nyanja, ku New England, kukagwira ntchito yaukapolo ya zaka zoŵerengeka.

Kwa zaka zoposa 360 manda ao adaiŵalika. Mu 2013, amisiri akukumba pafupi ndi nyumba ya mabuku ya pa Palace Green, adapeza mafupa a anthu oponyedwa m'maenje aŵiri mopanda dongosolo. Akatswiri a pa yunivesite atapima mafupawo adatsimikiza mu 2015 kuti anali a akaidi aja, ndipo ena mwa iwo anali anyamata a zaka zosakwana 20. Mu 2018 mafupawo adaikidwa mwaulemu m'manda a pa Elvet Hill Road.

Chotilasa mtima ndi chakuti otsekera ndi otsekeredwa onse ankaŵerenga Baibulo limodzi, ndipo mbali zonse ziŵiri zinkapempha Mulungu yemweyo kuti azipambanitse. Makolo, poŵafotokozera ana mbiri ya mpingo tisabise zoterezi, pakuti mkangano wa abale ukakula suopa ngakhale nyumba ya Mulungu. Achinyamata nanunso dziŵani kuti amene amatsiriza kulipira mikangano ya akuluakulu kaŵirikaŵiri ndi a msinkhu wanu.

Wodzacheza ku Durham asachoke asanatsikire ku mlatho wa Prebends, umene udamangidwa mu 1778. Pamenepo nsanja zitatu za tchalitchi zimaoneka pamwamba pa mitengo, chithunzi chake chili m'madzi, ndipo ophunzira amapalasa mabwato ao pansi pake. Koma apatulenso kanthaŵi kopita ku Elvet Hill Road, kutsidya kwa mtsinje, kumene anyamata a ku Scotland aja adapeza pogona patapita zaka 368.