Revubwe ndi nkhungu ya ku Angónia

Mtsinje wa Revubwe umene umathira mu Zambezi kuno ku Tete umachokera kumapiri a ku Angónia. M'mwezi wa Janeiro umasefukira, madzi ali psuu ndi dothi. Pofika Outubro umaphwa, miyala nkukhala pamtunda. Koma ine ndimaopa Junho ndi Julho. Madzi amayera bwino, koma m'mamawa kumtundako nkhungu imagona m'zigwa, msewu osaoneka. Tsiku lina popita ku Ulongwe ndinatsala pang'ono kuomba ngolo yonyamula mbatata ya kachewere. Kuyambira pamenepo ndimadikira dzuwa likwere, ndimayatsa nyali zotsika, ndipo galasi likachita nthunzi ndimaima nkupukuta. Inu oyendetsa chapa, chepetsani liwiro. Nkhungu siimva hutala.