Pa njinga m'mbali mwa njanji ya ku Chiromo

Chitsegulireni sukulu, ambiri mwakhala mukundifunsa kuti ndadera chiyani chonchi. Ndinali ku Bangula, anzanga, ndipo dzuwa la m'chigwa cha Shire silisamala kuti uno ndi Ogasiti.

Tinapita banja lonse, bambo, amayi, ine ndi mng'ono wanga wa Sitandade 2. Tinatsika Thabwa makutu ali tseke, n'kudutsa nzimbe za ku Nchalo, Ngabu, mpaka kwa agogo aakazi. Masiku atatu oyamba ntchito yanga inali kudya nsima ya mapira ndi mlamba, basi. Madzulo a tsiku lachinayi bambo anangoti, "Mawa tikaona manda a agogo anu ku Chiromo. Tiyenda pa njinga, tidzera ku njanji."

Njinga zinali ziwiri. Yakale ya pakhomo anatenga bambo, kuti akweze amayi. Ine anandipatsa ya bambo aang'ono, yomwe amachitira kabaza (kumeneko amati shapa), yakhushoni pakaliyala pamene anakhala mng'ono wanga. Pondipatsa anagwira chishalo kaye osachisiya. "Mwanawe, njinga iyi ndiye munda wanga. Wamva?" Ndinati ndamva.

Mu Histore tinaphunzira kuti njanji imeneyi inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, dzina lakale la Nsanje, ndipo kuti mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935 sitima zinayamba kuwoloka Zambezi popita ku Beira. Pa mayeso ndinakhoza zimenezi. Zimene sindinkadziwa n'zakuti njanji yopanda sitima imasanduka msewu wa aliyense. Pakati pa Bangula ndi Chiromo sitima inasiya kudutsa mu 1997, madzi osefukira atakokolola mbali ina ya mtumbira umene njanjiyo inayalidwapo. Lero zitsulo zachita dzimbiri, udzu wamera pakati, koma m'mbali mwake muli kanjira kosalala kopondedwa ndi mapazi ndi matayala. Tinakumana ndi amayi osenza mbatata, anyamata onyamula madengu a nsomba, mbuzi zogona pa njanji ngati zinachita kugula malowo.

Kupalasa pamenepo n'kokoma zedi. Sitima sitha kukwera chitunda chachikulu, ndiye njira yake amaikonza yopanda zikweza ndi zitsikitsika, ndipo m'dambo amaikweza pamwamba. Umangoti pedulo pang'ono, njinga n'kumapita yokha, uku ukuona minda ya chimanga cha kudimba kumanja ndi kumanzere. Palibe minibasi yokuimbira hutala. Amayi, amene kunyumba sakwera kabaza ngakhale mvula igwe, anayamba kuimba nyimbo ya kwaya ali pambuyo pa bambo.

Kenako ine ndi matama anga. Ndinafuna kuonetsa mng'ono wanga kuti ndingathe kuyenda pakati penipeni pa zitsulo ziwiri zija, pamiyala. Anaseka kawiri, kachitatu tinamva "fyuuu!" Tayala lakumbuyo linali litaphwa. Mtima unangoti myuu, mawu aja a munda akumveka m'mutu.

Ndinkadikira kukalipiridwa. Bambo anangotsika, kugadamiza njinga, kutulutsa chubu ndi masipuni awiri amene amayi anatengera chakudya. Zigamba tinalibe. Anapeza pobooka, kupinda pamenepo, kumanga zolimba ndi mphira womangira katundu pakaliyala, n'kupopa. Ine kukamwa yasa. Awa ndi bambo omwe aja ovala tayi, amene ndinkaganiza kuti sadziwa kumene kumakhala pampu.

Ali mkati momanga anayamba kulankhula, osandiyang'ana. Anati agogo aamuna ankagwira ntchito yokonza njanji chigawo chomwechi, kumanga mabawuti ndi kushoshera miyala pansi pa zitsulo. Iwo ali mnyamata ankawapititsira nsima masana, wapansi, m'kanjira komweka. "Miyala wapondayo mwina anaika ndi iwowo," anatero. Zaka zonsezi sanandiuzepo. Ndinkangodziwa kuti agogo anamwalira ndisanabadwe.

Pa Mtayamoyo mtumbira umangothera m'madzi. Dzina lokhalo linandikwanira. Amawolotsa ndi mabwato, anthu, matumba, nkhuku, njinga kuzisanjikiza pakati. Aliyense amadziwa kuti mu Shire muli ng'ona, ndipo amayi anakumbatira mng'ono wanga mpaka analira. Kunena zoona ine ng'ona sindinaziganize kwambiri. Ndinagwira felemu ya njinga ya eni ndi manja onse awiri, kuwerengera kuti ikamira ndidzagwira maganyu angati.

Tsidya linalo tinadutsa pa mlatho wachitsulo wa Chiromo, pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Bambo anayamba apita kwa amfumu kukapempha, ndipo anawapatsa munthu wowaperekeza. Ine ndi mng'ono wanga tinatsala kunja kwa manda kuyang'anira njinga.

Anakhalitsa. Ndinkawaona chapatali akuyenda uku ndi uku, kuima, kubwerera. Madzi a mu Januwale 2015, amene anavutitsa kwambiri Nsanje, anasiya mchenga pamalopo, ndipo mitumbira yambiri yakale inafafanizika. Pomaliza anaima pafupi ndi mtengo wina, kuvula chipewa, amayi n'kugwada pambali pawo. Atatuluka ndinafunsa ngati apapeza. Anati, "Ndi chapamenepo." Sindinafunsenso.

Pobwerera tinaima kanayi kupopa tayala lija, ndipo ndinkapopa ndine popanda wondiuza. Tinafika dzuwa litafiira. Bambo aang'ono anali pakhonde, maso ali pa tayala lakumbuyo tisanatsike n'komwe. Bambo anatsegula pakamwa kuti anene kuti ndi minga, koma ndinawatsogolera, ndinaulula za miyala zija. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatulutsa chubu n'kuona mfundo ya mphira ija.

"Achimwene, mumakumbukirabe kamangidwe ka madala?"

Anaseka onse awiri. Chubu chatsopano ndinagula ndine m'mawa mwake, ndi ndalama imene ndinkasungira bando ya mwezi wonse.