Musanagule malaiti atsopano a galimoto, werengani kaye izi

Ambiri mwakhala mukundifunsa za malaiti omwe ndaika pa Hilux yanga ija, ndiye ndati ndiyankhe kamodzi. Uthengawu ndi wautali, pepani, koma muwerenge mpaka kumapeto.

Ine ntchito yanga ndi yonyamula nsomba kuchoka ku Msaka ndi ku Monkey Bay kupita ku Lilongwe. Timanyamuka usiku kuti kukamacha tikhale tili pamsika nsomba zisanawonongeke. Njira yake mukuidziwa: fumbi la kudoko, tala mpaka pa Golomoti, kenako kukwera Khwekhwerere kukatulukira pa Masasa. M'miyezi ya June ndi July pamwamba paja chifunga chimachita kutseka msewu. Ndiye malaiti kwa ine ndi nsima ya ana anga, komanso ndi moyo wa anthu oyenda m'mbali mwa msewu.

Bambo anga anagwira usiginala wa chilimira zaka zambiri. Siginala amakhala m'bwato ndi nyali, kusonkhanitsa usipa n'kuutsogolera ku ukonde. Iwo ankatiuza kuti nyali zikhoza kuchuluka, koma ngati siginala sadziwa poziika, alovi amakoka madzi okhaokha. Pagalimoto n'chimodzimodzi. Chachikulu ndi komwe kuwalako kukugwera.

Choyamba, mababu. Babu la H4 lomwe limabwera ndi galimoto zambiri ndi la 60/55 watts. Ena amangolichotsa n'kuika la 100 watts pa waya womwewo. Mababu awiri oterewa amakoka ma amp oposa 16, waya amatentha, pulagi imasungunuka, ndipo mdima umakupezani pakati pa phiri. Ngati mukufuna mphamvu yowonjezera, uzani amakaniko aike relay ndi fyuzi yake, waya wokhuthala achokere kubatire. Komanso musanagule chilichonse, yang'anani galasi la laitiyo. Pulasitiki ikachita chikasu ndi dzuwa la kunyanja kuno imadya kuwala. Ine nditangoipukuta bwino ndinaona kusintha ndisanawononge ndi tambala yomwe.

Chachiwiri, ma LED otchipa aja. Mukaika babu la LED m'nyumba ya laiti yomwe inapangidwira halogen, nthawi zambiri kuwala kumangomwazika paliponse. Inu mukati kwawala, mnzanu wobwera kutsogolo sakuona kanthu. Chinanso, kuno timayendera kumanzere, choncho laiti yathu ikakhala pa dimu iyenera kukwezeka mbali ya kumanzere. Malaiti opangidwira mayiko oyendera kumanja amakwezeka kumanja, ndiye kuti akulasa m'maso mwa dalaivala mnzanu. Funsani musanalipire.

Chachitatu, malaiti a chifunga. Ine ndinaika achikasu, a 3000K, pansi pa bampa. Oyera mbee a 6000K aja mukawayatsa m'chifunga kapena m'fumbi, kuwalako kumabwerera m'maso mwanu ngati mwayang'ana khoma lopaka laimu. Laiti yoikidwa pansi imaunika msewu weniweniwo ndi m'mbali mwake. Ndipo ife akunyanja tikudziwa momwe nkhungu zimathamangira nyali yoyera. Yachikasu siziitsata kwambiri.

Mwezi wathawu, nditatsala pang'ono kufika pa Golomoti, ndinakumana ndi pikapu ina itayatsa light bar yapadenga. Ndinamuphethira kawiri, iye osathimitsa. Kwa kanthawi sindinaone chilichonse, ndinangoponda buleki. Itadutsa, kutsogolo kwanga kunali wakabaza atanyamula mayi wobereka mwana kumbuyo, njinga yopanda nyali, pamtunda wosakwana masitepe asanu. Mpaka pano ndikaganiza miyendo imanjenjemera. Mnzathu uja mwina anafika kwawo akutama malaiti ake, osadziwa kuti anatsala pang'ono kuphetsa anthu atatu. Light bar ndi ya kutchire ndi kudoko komwe kulibe wobwera kutsogolo. Ilumikizidwe kuti izigwira ntchito pokhapokha mwayatsa fulu, mukabwerera ku dimu izizima yokha.

Chomaliza n'chaulere. Imikani galimoto pamalo osalala, mamita 10 kuchokera pakhoma, muyatse dimu. Yezani kutalika kwa laiti kuchokera pansi. Mzere wa kuwala pakhomapo ukhale m'munsi mwa muyezowo ndi masentimita pafupifupi 10. Muchite izi galimoto ili ndi katundu, chifukwa mukapakira matumba a usipa kumbuyo, kutsogolo kumadzuka ndipo dimu yanu imasanduka fulu kwa anzanu.

Msewu wa kunyanja tikugawana ndi amayi osenza mabeseni a nsomba mbandakucha, ana opita kusukulu, ngolo ndi mbuzi. Ambiri mwa iwo alibe nyali, amadalira kuti inu ndi ine tiwaone. Tumizani uthengawu kwa madalaivala omwe mukuwadziwa, makamaka achimwene athu a matola.