Amai, Gemu Iyi Siimitsika

Pa Ciwelu ciliconse masana timakhala na pulogilamu ya acinyamata pa wailesi yathu ya kuno kum'mawa. Ndise odzipeleka cabe, malipilo athu ni tiyi na ndalama ya basi ikapezeka. Mwezi watha tinali kukamba za mafoni m'nyumba, ndipo amai ena anatuma foni ali okwiya. Sanapeleke na moni womwe. Anati, "Imwe ana anga a pa wailesi, niuzeniko. Mwana wanga nikamutuma ku cigayo amaniyankha kuti, 'Amama, yembekezani, siningaimitse.' Ni cinthu ca bwanji cosaimitsika? Wailesi nimazima, mphika nimaphula pamoto. Nanga ici?"

Mu situdiyo munati zii. Mnzathu wa pa mixer anawelama monga afunafuna waya pansi pa thebulo. Tinawayankha zozungulila, zija zakuti makolo na ana azikambilana, n'kuika nyimbo. Koma yankho tinali kulidziwa bwino lomwe. Ise asanu amene tinali m'cipinda cija ndise timu, ndipo mau akuti "siningaimitse" timawakamba nase. Tinacita cabe manyazi kuvomela pa mphepo kuti anthu a zaka za m'ma 30, ena a ana awili, timathela madzulo pa Mobile Legends. Conco amai, tiyankhe pano.

Tinayamba mu 2024, caka ca cilala, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo malaiti anali kubwela maola ocepa pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Ku siteshoni kuli sola, ndiye tonse tinali kutsalila kumeneko kuti tichaje mafoni. Wamng'ono pa ise ndiye anatiikila gemuyo, cifukwa anali kusowa anthu anayi osewela nawo.

Masewela a mtundu uwu amachedwa MOBA, ndipo sanayambile pa foni. Mu 2003 osewela ena anapanga bwalo lawolawo mkati mwa gemu ya pa kompyuta ya Warcraft III, n'kulicha Defense of the Ancients. Kumeneko ndiye kunacokela League of Legends mu 2009 na Dota 2 mu 2013. Mobile Legends inatuluka mu 2016, ya kampani ya Moonton ya ku Shanghai, ndipo iyo inafupikitsa zonse kuti zikwane pa foni. Kumaiko ena ni nchito yeniyeni: pa mpikisano waukulu wa Dota 2 wa mu 2021, mphoto zonse pamodzi zinapitilila madola 40 miliyoni. Ise kuno timangothela bundle.

Bwalo lake lili monga la mpila. Pa ngodya imodzi pali mudzi wanu, pa ngodya inayo pali mudzi wa adani. Midzi iwiliyi yalumikizidwa na njila zitatu, ya pamwamba, ya pakati na ya pansi. M'njila iliyonse, timu iliyonse ili na nsanja zitatu zimene zimawombela mdani akafika pafupi. Pakati pa njilazi pali thengo la zilombo, na udzu wautali umene munthu akalowamo saoneka. Anthu asanu uku, asanu uko. Opambana ni amene aphwanya mwala waukulu wonyezimila umene uli pakati pa mudzi wa anzawo. Kupha adani ambili sikupambana ayi. Ici cinatitengela miyezi kuti ticimvetse. Tinali kuthamangitsana na adani m'thengo monga agalu aona kalulu, uku nsanja zathu zikugwa imodziimodzi.

Masekondi 30 aliwonse, m'mudzi uliwonse mumatuluka tumasilikali tung'onotung'ono toyenda tokha m'njila zitatu zija. Palibe amene amatuyendetsa. Tukakumana pakati tumamenyana. Tumaoneka topanda pake, koma cuma conse ca gemu cili pa tumasilikali tumenetu. Ukapha twa adani umalandila golide ndipo mphamvu zako zimakwela. Ukafuna kugwetsa nsanja, umayembekeza twako tufike, cifukwa nsanja imayamba kuwombela tumasilikali m'malo mwa iwe. Kuiyandikila uli wekha ni kudzipha.

Aliyense amayamba gemu ali wosauka, pa levo 1, kaya wasewela zaka zisanu kaya wayamba dzulo. Pa levo 4 m'pamene umapata mphamvu yako yaikulu, ndipo pothela peni-peni ni pa levo 15. Golide umagulila zida, ndipo m'thumba mumakwana zisanu na cimodzi cabe. Osewela amakucha kulima kusonkhanitsa golide uku, ndipo ni kulimadi: wocedwa mamineti awili oyambilila amakhala kumbuyo gemu yonse, monga munthu wobyala pambuyo pa Khrisimasi.

Gemu isanayambe aliyense amasankha msilikali wake, amene amachedwa hero, pa oposa 120, ndipo apa m'pamene mikangano imayambila, cifukwa nchito ni zisanu ndipo aliyense afuna yotamandika. Pali woponya zipolopolo kapena mivi ali patali, monga Layla kapena Miya. Uyu poyamba amakhala wofooka kwambili, ndipo timu yonse imamuteteza na kumusiyila golide, monga mwana wa ku koleji amene banja lonse likumulipilila poyembekeza kuti adzalisunga. Akakula amagwetsa nsanja m'masekondi ocepa. Akafa kangapo koyambilila, ndalama za banja zapita m'madzi. Pali womenya nkhondo amene amakhala yekha m'njila ya mbali inayo. Pali wa zamatsenga, monga Eudora, amene amakhala m'njila ya pakati cifukwa ni yaifupi ndipo angathamangile kulikonse kumene kwavuta. Pali wa m'thengo, amene amalima pa zilombo n'kumatulukila adani mwadzidzidzi.

Wacisanu alibe njila yakeyake. Amachedwa roamer, ndipo kawilikawili amakhala cimunthu colimba monga Tigreal. Sadya golide ya anzake. Ndiye amayamba kulowa mu udzu kuti aone ngati muli mdani, ndiye amaima kutsogolo kulandila zibakela, ndipo akakokela adani atatu pamodzi, amene amawapha ni anzake. Gemu ikatha, dzina la wocita bwino koposa limapita kwa wina, iye n'kutsala na mendulo ya mkuwa imene osewela amaiseka kuti ni chokoleti. Kwa ise nchito iyi amaigwila mnzathu wa pa mixer uja. Sitinagawane dala, zinangocitika. Na pa wailesi n'cimodzimodzi, omvela amapatsa moni ise a pa maikolofoni, iye dzina lake salidziwa. Tsiku lina anadwala malungo, tinasewela na roamer wacilendo amene anali kungofuna kupha, ndipo tinaluza magemu anayi motsatizana.

Pali zilombo ziwili zikuluzikulu zimene matimu onse awili amalimbilana. Pa mineti yaciwili pamatuluka kamba, ndipo timu imene yamupha imagawana golide. Kuyambila mineti ya 8 pamatuluka cimphona cochedwa Lord. Mukacipha cimakhala canu, cimayenda m'njila kupita kukagumula nsanja za adani. Kucipha kumatenga nthawi, ndipo adani angabisale mu udzu n'kucilanda pa nkhonya yothela. Kumapeto kwa gemu munthu akafa amayembekeza masekondi 40 kapena kuposa kuti auke, ndipo nthawi imeneyo ni yokwanila kuti mudzi wonse ugwe. Conco nkhondo imodzi ya pa Lord ingagubuduze zonse zimene mwalima kwa mamineti 15.

Lomba tafika pa funso lanu, amai. Mwana wanu sasewela na foni. Asewela na anthu ena 9 amoyo, aliyense ali na foni yake, wina ku Lusaka, wina mwina ku dziko lina. Palibe batani loimitsila, monga mmene kulibe batani loimitsila mpila cifukwa wogwila pagolo watumidwa ku cigayo. Akaika foni pansi, kompyuta imatenga hero wake n'kumamuyendetsa mopusa, kumupeleka kwa adani monga mbuzi yosocela. Anzake anayi amatsala akumenyana na asanu. Akaluza, onse angataye nyenyezi imene anaivutikila, ndipo amamuneneza. Gemu ili na maaka a khalidwe, ndipo wothawathawa amamucotsela mpaka kumuletsa kulowa m'magemu a mpikisano. Mwanayo akakamba kuti siningaimitse, sakunama. Analonjeza anthu anayi kuti adzakhala nawo mpaka pothela.

Koma sitinabwele kudzamuikila kumbuyo, cifukwa ise tili na mlandu woposa wake.

Citatu cina, ca m'ma 17:35, tinati tisewele kamodzi cabe tisanawelenge zilengezo za 17:55 na nkhani za 18:00. Magemu ambili amatha pakati pa mamineti 12 na 20, ndiye tinaona kuti nthawi ilipo. Tinaiwala kuwelengela mamineti ofunafuna adani na osankha ma hero. Tinaika nyimbo zitatu zotsatizana, n'kukhala pansi. Gemuyo inakana kutha. Adani anali atagwetsa nsanja zathu zonse za pakati, ise tinali titagwetsa zawo za pansi, ndipo Lord anali atatulukanso. Tonse asanu mitu inali pa mafoni, tikukuwa kuti lowa, bwelela, dikila. Nyimbo yacitatu inatha. Wailesi inakhala cete pafupifupi mineti yathunthu, ndipo palibe anamva, cifukwa mahedifoni anali pa thebulo. Cimene cinatidzidzimutsa ni foni ya akulu a siteshoni, amene anali kumvela ali kunyumba.

Tinathamangila nkhani, zilengezo n'kuzilumpha. Pakati pa zilengezozo panali ca malilo. Madala ena anali atachova njinga kucokela kumudzi masana amenewo, n'kulipila kuti ciwelengedwe nkhani zisanayambe, nthawi imene acibale awo a m'midzi yakutali amatsegula wailesi. Sanabwelele kwawo. Anakhala pa benchi panja na kawailesi kawo, kuyembekeza kumva dzina la mlongo wawo. Nkhani zitatha anagogoda pa citseko, cipewa cili m'manja. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ana anga, kapena pepala lija lasowa? Ningalembenso." Tinaciwelenga katatu usiku umenewo na m'mawa mwake, koma nthawi imene iwo analipilila inali itapita. Gemu ija tinaluzanso.

Mlungu umenewo tinatsala pang'ono kucotsedwa tonse. Tinakangana kuti wolakwa ndani, ndipo mwacizolowezi zala zinaloza wa pa mixer, cifukwa ndiye anafunika kuona kuti nyimbo yatha. Iye anatikumbutsa modekha kuti amene anatinika batani loyambila sanali iye, ndipo kuti tonse asanu tinavomela. Anakamba zoona. Gemu ikayamba mulibenso ufulu, koma isanayambe muli nawo wonse, ndipo ise tinaugulitsa tikuiona nkoloko pa cipupa. Kucokela tsikulo, ola limodzi nkhani zisanayambe mafoni onse amalowa m'citini ca mabisiketi, ndipo citinico cimakhala kwa alonda pa geti.

Conco amai, mukamupeza ali mkati, muuzeni akuonetseni pamwamba pa sikilini. Pali nkoloko yoonetsa mamineti amene apita. Ngati ionetsa 3, muli na mamineti ena 10 kapena 15. Ngati ionetsa 16, zatsala pang'ono kutha. Yembekezani mpaka muone mau akuti Victory kapena Defeat, ndipo pamenepo musalole ciliconse. Adzakuuzani kuti kamodzi cabe, maka-maka ngati waluza, cifukwa palibe amene amafuna kugona ataluza. Ameneyo ndiye bodza, osati loyamba lija. Ndipo ngati mudziwa kuti cimanga cipita ku cigayo 16:00, muuzeni m'mawa, kuti akatinika batani 15:50 akhale na mlandu monga wathu.

Nambala ya amai aja sitinailembe, ndipo sanatumenso foni. Ngati mumawadziwa, ni amai a mau okuluwika amene anachula za mphika pa Ciwelu cija, auzeni atsegule wailesi Ciwelu cikubwelaci 14:00. Tidzakamba zonsezi pa mphepo, na za madala aja zomwe. Tikali kumunyengelela wa pa mixer kuti tsiku limenelo akhale pa maikolofoni.