Mwana wanga sanali mbuli

Ndikuchitira umboni za chifundo cha Mulungu pa mwana wanga wamwamuna, kuti makolo anzanga amene akulira monga ndinkalirira ine alimbe mtima. Ndine mayi wa ana atatu. Ndimagwira ntchito yophika ndi kuchapa panyumba ina ku Area 47, ndipo timakhala kuboyizikota kuseri kwa nyumba ya abwana.

Mzime wangayu adayamba Sitandade 1 mu Seputembala 2019. Mu Malichi 2020 sukulu zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo ana aang'ono adabwerera mu Okutobala. M'kalasi mwawo munali ana oposa 100 kwa mphunzitsi mmodzi. Aphunzitsiwo ankayesetsa, koma sakadatha kumva pakamwa pa mwana aliyense. Mwanayo adafika Sitandade 3 osadziwa kuwerenga, mpaka adabwereza kalasiyo. Iye ankangoloweza. Akatsegula buku n'kuona chithunzi, ankalakatula tsamba lonse, koma mukamulembera mawu omwewo papepala, ankangoti kukamwa yasa.

Anzake adayamba kumutcha mbuli. Achibale ena ankati mutu wake ndi wouma, ena ankati amulodza, tipite naye kwa asing'anga. M'mawa uliwonse ankadandaula m'mimba kuti asapite kusukulu. Ndalama zolipira aphunzitsi apadera ndinalibe. Ndinkangogwada usiku n'kumati, "Ambuye, mwana munandipatsa ndinu, mutseguleni."

Yankho lidadzera ku Chigwirizano cha amayi kumpingo kwathu. Nditapempha mapemphero, mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, adanditengera pambali. "Mwana wanga, tapemphera inde, koma Loweruka ubwere naye mdzukulu wangayo ndidzamumve."

Atamulembera lembo la m, mwanayo adati "emu". Atamulembera n, adati "eni". Amayiwo adagwedeza mutu n'kundiuza kuti, "Vuto lili apa. Mwanayu akudziwa mayina a malembo, aja oimba m'nyimbo ya Chingerezi, koma sakudziwa maliwu ake. Ukaphatikiza 'emu' ndi 'a' sungapeze 'ma'. Atseke milomo ang'ung'udze kuti mmm, kenaka atsegule pakamwa kuti a." Mwanayo adayesa, ndipo "ma" adatuluka yekha.

Adandifotokozera kuti kuyambira mu 2016 boma lidakhazikitsa National Reading Programme, ndipo ana amayenera kuyamba ndi kumva maliwu, kenaka kuwalumikiza ndi malembo, kupanga maphatikizo, mawu, mpaka ziganizo. Iwo adayamba naye ndi malembo amene amapezeka kawirikawiri m'Chichewa: a, n, i, k, u, m, e, t, o, amene aphunzitsi amangowatcha anikumeto. Ndi malembo ochepawa mwana amatha kale kuwerenga ana, amama, moto, meta, kana. Adati Chichewa chimamukomera mwana chifukwa a, e, i, o, u sasintha kamvekedwe, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa limodzi mwa malembo asanuwa.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kotere: iwo amayamba kutchula, kenaka atchulire limodzi, pomaliza mwana atchule yekha. Ine adandipatsa ntchito ya kunyumba. Ndidatola zitsekero za mabotolo, n'kudula makatoni, n'kulembapo maphatikizo. Madzulo ndikaweruka, nsima isanapse, tinkasuntha zitsekerozo pamkeka: ka ndi na, na ndi ma, mpaka mawu abadwe. Mu Januwale 2023, pamene sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa kwa sabata ziwiri chifukwa cha kolera, mwanayo ankapita kwa agogo akewo tsiku ndi tsiku. Apo m'pamene adagonjetsa maphatikizo ovuta monga mba, nda, nkha, mpha ndi ntcha. Ankamuikitsa dzanja pakamwa kuti amve mpweya ukutuluka ponena phala, pamene ponena pala sutuluka. Adamuonetsanso kuti kachizindikiro kakang'ono kamasiyanitsa ng'oma yoimba ndi ngoma ya m'tchire.

Msewu udasanduka kalasi. Tikapita kukagula zinthu ku Old Town, ndinkamuimitsa padepoti kuti awerenge zikwangwani za maminibasi. Adayamba ndi Kawale ndi Biwi, kenaka Likuni, mpaka Mchesi ndi Chinsapo. Tsiku limene adandikoka chitenje n'kunena yekha kuti, "Amayi, iyi ndi ya ku Likuni, si yathu," misozi idalengeza m'maso mwanga anthu akuona.

Koma padatsala phiri lina. Ankawerenga mawu osamva tanthauzo. Mwana wobadwira m'tauni sadziwa nkhokwe, msampha, dambwe kapena dowe. Amayi aja adati, "Mwana amamvetsa zowerenga malinga ndi mawu amene ali nawo kale m'mutu. Uzicheza naye." Ndidayamba kumutchulira chilichonse: mthiko, chipande, lichero, mbaula. Mumsika ndinkamuonetsa bonongwe, chisoso, therere, usipa, utaka ndi matemba, n'kumufunsa kusiyana kwake. Usiku magetsi akazima ndinkamusimbira nthano ndi kumuponyera zilapi, iye n'kubwereza nkhaniyo m'mawu akeake. Loweruka lina tinkapita ku National Library ku City Centre, kumene ankasankha yekha mabuku a ana. Mawu achilendo akawapeza, tinkawalemba m'kope, ndipo sabata imeneyo ankayenera kuwagwiritsa ntchito polankhula.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika kumapeto kwa chaka cha sukulu chimenecho adakhoza bwino n'kupita Sitandade 4. M'mimba muja mudasiya kupweteka. Chingerezi nachonso chidayamba kulowa, popeza adali atadziwa kuti lembo lililonse lili ndi liwu. Lero ndi iye amene amawerenga Buku Lopatulika pa mapemphero athu a madzulo, ndipo amathandiza ana a alonda ndi a ogwira ntchito anzanga a mumzere mwathu ndi zitsekero zomwe zija.

Makolo anzanga, mwana akamalephera kuwerenga musathamangire kumunyoza kapena kuloza anthu chala. Mulembereni mawu papepala mumve ngati akudziwa maliwu. Pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake, funsani anzanu kumpingo kapena kumzikiti, ndipo muzicheza naye m'chinenero chanu tsiku lililonse. Ndikuthokoza amayi aja amene sadalandire ngakhale tambala, ndipo ndikuthokoza Mulungu amene adamva kulira kwanga. Ulemerero ukhale kwa Iye.