Cimaba na abululu ake

Ife a mu Lusaka tikamva dzina lakuti Chad, cimene cimabwela m'mutu ni mcenga na asilikali. Koma kum'mawa kwa dziko limenelo, kufupi na malile a Sudan, kuli citundu cochedwa Cimaba, cimene eni ake amati Bura Mabang. Nkhani yake yativutitsa maganizo, ngakhale sitinakumanepo na Mmaba aliyense.

Cimaba cinali citundu ca mafumu. Ufumu wa Wadai, umene Abd al-Karim anakhazikitsa ca m'ma 1635, unali m'manja mwa Amaba. Likulu lake linali Wara, koma zitsime zitauma mafumu anasamukila ku Abéché. Afalansa analanda mzindawo mu 1909. Manje pa msika wa Abéché wogula na wogulitsa amamvana m'Ciarabu ca ku Chad, ndipo za boma zimayenda m'Cifalansa na m'Ciarabu. Cimaba sicinafe, anthu ambili-mbili akali kucikamba, maka-maka kumidzi. Koma wacicepele wofuna nchito mu tauni adziŵa yekha citundu cimene cidzamudyetsa.

Cimaba cili na abululu: Cimasalit, Cirunga, Cikibet, Cikaranga, Cimarfa na zina zing'ono-zing'ono. Akatswili amazicha banja la Maban. Mu 1963 Joseph Greenberg anaika banjali m'gulu lalikulu la Nilo-Saharan, ndipo mkangano wakuti gululo liliko zoona ukali kupitiliza. Imeneyo tiwasiyile akatswili.

Ife catikhudza ni zimene zinacitikila abululu aŵili. Woyamba ni Cimasalit, ca anthu a ku El Geneina ku Darfur na tsidya lina la malile. Mu 2023 Amasalit ambili anaphedwa mu mzindawo, ndipo opulumuka anathaŵila ku Adré, m'cigawo ca Ouaddaï, comwenso ni kwawo kwa Amaba. Ubululu wa zitundu sutanthauza kuti anthu amamvana. Mmaba na Mmasalit akakumana, cowagwilizanitsa msanga ni Ciarabu.

Waciŵili ni Cimassalat. Eni ake anapatukana na Amasalit kale, n'kupita kumadzulo, mkati mwa Chad. Kumeneko pafupi-fupi onse anasinthila ku Ciarabu. Anthuwo alipo, dzina la mtundu lilipo, koma citundu catsala pang'ono kuthelatu. Imfa ya citundu yotele sikhala na malilo: mayi amaleka kukamba na mwana m'citundu cimene anayamwa, cifukwa cinaco n'cosavuta pa msika.

Apa ndiye pamene taleka kuŵelenga monga alendo. Tinazoloŵela kudandaula kuti Cizungu cimatipondeleza, ndipo n'zoona. Koma m'nkhani iyi Cinyanja cathu ca mu tauni cili pa malo a Ciarabu. Lusaka inamangidwa pa malo a Asoli, koma ni liti pamene tinamvapo Cisoli mu minibasi yopita ku Matero? Ena a ife ndife Ansenga, ena Alenje, ena Atumbuka, ndipo ambuya akatifunsa m'citundu ca kwathu timayankha m'Cinyanja, n'kuseka kuti timamvako cabe.

Sitidzaleka Cinyanja, cifukwa ndiye cimatigwilizanitsa mu komboni, monga mmene Ciarabu cimathandizila Mmasalit wothaŵa nkhondo kupempha madzi ku Adré. Koma ana athu akadzakhala pamphasa na ambuya, ngakhale "kumvako cabe" kuja sadzakhala nako. Adzayang'ana ife kuti timasulile.