Dzina Pamutu pa Gitala

Kupanga gitala pamanja kumatenga masabata ambiri: kupala matabwa, kupinda nthiti zake, kuyeza khosi. Koma ntchito imene imandiganizitsa kwambiri ndi yotsiriza, ya kuika dzina pamutu pa gitala, pamene pamamangidwa mawaya. Malowo ndi ochepa ngati chikhatho, komabe ndi pamene maso a wogula amafikira choyamba.

Njira yachidule ndi kuwotcha. Chitsulo chosulidwa zilembo chimatenthedwa n'kudindidwa pa thabwa lisanapakidwe vanishi. Chikatentha mopitirira, zilembo zimasanduka makala, chikazizira, sizioneka. Popeza moto sufufutika, ndimayamba kuyesa pa chidutswa cha mbawa chotsala.

Njira ina ndi ya kapepala kopyapyala konyika m'madzi. Kakafewa, zilembo zimatsetsereka n'kumatirira pa thabwa, ndipo zikauma timapakapo vanishi pang'onopang'ono. Kampani ya Fender inatchuka ndi njirayi. M'chaka cha 1951, kampani ya Gretsch itadandaula kuti dzina la Broadcaster likufanana ndi la ng'oma zake, antchito a Fender ankangodula dzinalo pa timapepala, n'kusiya mawu oti Fender okha. Magitala amenewo lero amatchedwa Nocaster, ndipo amagulidwa pa mtengo wokwera zedi.

Njira imene ndimaikonda ndi imene Gibson amagwiritsa ntchito pa magitala ake apamwamba: kulowetsa chigoba chonyezimira cha nkhono zam'nyanja m'thabwa. Chilembo chilichonse chimachekedwa ndi sowo yaing'ono ngati ulusi. Kenako ndimalemba malire ake pamutu pa gitala, n'kukumba kadzenje kofanana ndi kukhuthala kwa chigobacho. Mipata yotsala ndimaitseka ndi guluu wosakaniza ndi fumbi la thabwa lomwelo, ndiye n'kukwecha mpaka chala chisamvenso polekezera thabwa ndi poyambira chigoba. Zilembo zinayi zimatha kundidyera tsiku lathunthu.

Komabe funso lalikulu si la njira, koma la dzina limene likuikidwapo. Ogula ena amandipempha kuti ndilembe dzina la kampani yakunja, ati gitala idzagulitsika msanga. Ndimakana, ngakhale kukanako kumandiluzitsa ndalama. Gitala ikadzachoka m'manja mwa wogulayo, amene adzaigule pambuyo pake adzalipira dzina losakhala loona, ndipo wabodza adzakhala ine.

Antonio de Torres, mmisiri wa ku Spain amene anamwalira mu 1892, ankamata kapepala ka dzina lake mkati mwa gitala, osati pamutu. Dzina limene limaonekera kwa wosuzumira yekha linamukwanira, chifukwa kulira kwa gitala kunkamuchitira umboni. Ine langa ndimaliika poyera, kuti khosi likapindika kapena guluu akamasuka, mwini gitala adziwe khomo loti agogode.